Mmene ndinasinthira akaunti yanga ya Apple Developer kuti ikhale ya kampani

Akaunti yanga ya Apple Developer, imene munthu amafunika kukhala nayo kuti aike app pa App Store, ndinaitsegula mu 2021 ndili ndekha. Ndinalibe kampani, ndinalibe wondithandiza, ndinali ndi laputopu ndi app imodzi yothandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono kulemba katundu amene walowa ndi amene watuluka. Polembetsa panali njira ziwiri, kulembetsa ngati munthu payekha kapena ngati bungwe. Ndinasankha ya munthu payekha chifukwa inali yachidule. Umangopereka dzina lako lenileni ndi adiresi, kulipira madola 99 a ku America pachaka, basi wayamba. Mpaka lero ndimaona kuti kwa munthu amene akungoyamba, njira yoyenera ndi imeneyo. Vuto ndi lakuti ntchito inakula koma akaunti inakhalabe mmene ndinaitsegulira, ndipo ine ndinachedwa kuzindikira zimenezi.

Mu 2023 ndinayamba kugwira ntchito ndi mnzanga wina amene tsopano ndiye amalemba mbali yaikulu ya code. Pa akaunti ya munthu payekha mungathe kuitana anthu ena ku App Store Connect, tsamba la Apple loyendetsera app yanu, kuti azikonza mawu ofotokoza app, kuona malipoti kapena kuyankha ndemanga za ogwiritsa ntchito. Koma gawo lotchedwa Certificates, Identifiers & Profiles, kumene kumapangidwira masatifiketi osainira app (otsimikizira Apple kuti app yachokera kwa inu), limakhala la mwini akaunti yekha. Ndiye tinkachita zimene ambiri amachita mobisa. Ndinamupatsa pasiwedi yanga, ndipo akafuna kulowa ankandiimbira kuti ndimuwerengere manambala 6 aja amene amabwera pafoni yanga. Tinazolowera moti sitinkaonanso kuti pali cholakwika.

Chimene chinandidzutsa ndi matenda. Ndinagonekedwa m'chipatala kwa masiku angapo, foni ili yozimitsa m'chikwama. Sabata yomweyo ogwiritsa ntchito anayamba kudandaula kuti app ikumatsekeka yokha akafuna kutulutsa lipoti la mwezi. Mnzanga uja anapeza vutolo n'kulikonza tsiku lomwelo, koma sakanatha kutumiza update. Panali mgwirizano watsopano umene unkadikira kuvomerezedwa, ndipo wovomereza ndi Account Holder yekha, kutanthauza mwini akaunti, amene anali ine. Pasiwedi anali nayo, koma manambala otsimikizira ankapita kufoni imene inali yozimitsa. Anthu anavutika ndi vuto lokonzedwa kale kwa masiku opitirira 7. Nditatuluka, mnzangayo anadikira kuti ndipeze mphamvu kaye, kenako anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Achimwene, mukanatisiya, app ija ikanapita nanu limodzi." Sindinamutsutse. Kakonzedwe kameneko ndinakapanga ndi ine.

Panalinso zina zimene zinkandivutitsa kale. Pa App Store, akaunti ya munthu payekha imaonetsa dzina lanu lenileni ngati wogulitsa. Kasitomala wina amene ankafuna kugulira antchito ake onse anandifunsa kuti akapereka ndalama, risiti ndi mgwirizano zikhala m'dzina la ndani, popeza iye amaona dzina la munthu osati la bizinesi. Komanso kuyambira pa 17 Febuluwale 2025, chifukwa cha lamulo la European Union lotchedwa Digital Services Act, ma app amene eni ake sananene ngati ndi ochita malonda kapena ayi anachotsedwa pa App Store ya m'mayiko a bungwelo. Ukanena kuti ndiwe wochita malonda, adiresi, nambala ya foni ndi imelo zimaonekera poyera pa tsamba la app. Ine sindinkafuna kuti nambala imene amandiimbira abale anga ikhale yoti aliyense aione. Ngati app yanu ikukhudza zabanki ndi ngongole, zaumoyo, juga kapena maulendo a pandege, ndiye kuti mulibe nthawi yoganiza ngati imene ndinali nayo ine, chifukwa malamulo a App Review, amene Apple imaunikira ma app isanawavomereze, amafuna kuti app zotere zizitumizidwa ndi bungwe lovomerezeka limene likupereka ntchitozo, osati munthu payekha.

Ganizo langa loyamba linali lotsegula akaunti ina yatsopano ya kampani kenako n'kusamutsira app kumeneko. Njira imeneyi ilipo ndipo imagwira ntchito, ndemanga ndi nyenyezi zimene anthu anapereka zimasamuka limodzi ndi app. Koma mnzanga anandiletsa, ndipo ndimamuthokoza. Akaunti iliyonse imakhala ndi Team ID yakeyake, chizindikiro chimene Apple imaidziwira, ndipo zinthu zina mkati mwa app zimamangirizidwa ku Team ID imeneyo. Zimene app inasunga mu keychain, monga chinsinsi chimene chimachititsa kuti munthu asamalowe mobwerezabwereza, sizifikirikanso mukatulutsa update kuchokera ku akaunti ina. Amene amalowa ndi Sign in with Apple amakhala ndi nambala yowazindikiritsa yosiyana pa akaunti yatsopano, moti pamafunika ntchito yapadera yowalumikiza ndi maakaunti awo akale. Ife tinali ndi anthu ambiri olowa mwanjira imeneyi. Kulakwitsa pang'ono, mwini sitolo akanatsegula app n'kupeza kaundula wake wa katundu alibe kanthu. Njira inayo ndi yopempha kuti akaunti yomweyo isinthidwe kukhala ya bungwe. Team ID imakhala yomweyo, app imakhala pomwepo, chimasintha ndi mwini wake pamaso pa lamulo. Pempholi limaloledwa ngati ndinu woyambitsa kampaniyo kapena mmodzi wa oyambitsa. Ngati mukugulitsa app kwa kampani ya anthu ena, njira yanu ndi yosamutsa ija.

Apa ndi pamene ndinataya nthawi yambiri, ndipo chifukwa chake n'chakuti sindinawerenge bwino. Ndinali nditalembetsa kale dzina la bizinesi, ndili ndi satifiketi yake yosindikizidwa bwino, ndipo ndinkaganiza kuti ndili ndi kampani. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kupanga kampani ndi zinthu ziwiri zosiyana. Dzina la bizinesi ndi chovala chabe, mkati mwake muli inu nomwe. Mukatenga ngongole m'dzina limenelo, wangongole ndinu. Kampani ndi munthu wina pamaso pa lamulo, amene angathe kusaina mgwirizano, kukhala ndi katundu ndiponso kuimbidwa mlandu payekha. Apple imafuna munthu wachiwiriyu. Imanena momveka kuti silandira maina ochitira malonda chabe kapena nthambi za makampani, ndipo wochita bizinesi payekha amauzidwa kuti alembetse ngati munthu payekha. Zimenezi zinalembedwa poyera pa tsamba lawo lolembetsera, koma ine ndinangodumpha. Safunsa anadya phula. Ndinayenera kubwerera mmbuyo n'kukalembetsa kampani ya limited, ine ndi mnzanga uja tili eni ake.

Ndiime kaye pamenepa, chifukwa ena amathamangira kupanga kampani kuti dzina lioneke lokongola pa App Store. Walira mvula walira matope. Kampani imabwera ndi malipoti a pachaka, msonkho wake, akaunti yake ya kubanki, ndiponso lamulo lakuti ndalama zake si zanu zoti muzingotapa mmene mwafunira. Ngati muli nokha, app yanu siikukhudza magawo okhwima aja, ndipo simukuganiza zotenga mnzanu, palibe manyazi kukhala pa akaunti ya munthu payekha. Ndalama ya pachaka ndi yomweyo, madola 99, ndipo app yanu siikwera pa mndandanda chifukwa chakuti mwini wake ndi kampani.

Satifiketi ya kampani itatuluka, chotsatira chinali nambala ya D-U-N-S. Imeneyi ndi nambala ya manambala 9 imene amapereka a Dun & Bradstreet pozindikiritsa mabungwe, ndipo Apple imaigwiritsa ntchito potsimikiza kuti kampani yanu ilikodi komanso kuti ndi ya mtundu wanji. Pa tsamba la Apple Developer pali malo ofufuzira ngati kampani yanu ili nayo kale nambalayi, chifukwa zimatheka kuti inapatsidwa inu osadziwa. Ngati palibe, mumapempha pomwepo ndipo ndi yaulere. Mukakumana ndi munthu wokuuzani kuti mumulipire kuti akupezereni nambalayi, dziwani kuti akukugulitsani chinthu chimene mungatenge nokha. Apple imati mudikire mpaka masiku 5 ogwira ntchito kuti nambala ifike, kenako mpaka masiku ena 2 kuti uthengawo uonekere kumbali yawo. Ndinalandira yanga pa imelo, ndinayesa kuigwiritsa ntchito ola lomwelo, ndipo sinapezeke. Ndinada nkhawa pachabe, masiku awiri aja anali asanakwane.

Tsopano nkhani ya dzina, imene ndikufuna muimve bwino kuposa zonse. Anthu amene akuunika pempho lanu sakukudziwani. Chimene ali nacho ndi mapepala, ndipo ntchito yawo ndi kuona ngati mapepalawo akunena za bungwe limodzi. Pa satifiketi yathu dzina limathera ndi mawu akuti Limited olembedwa onse. Popempha D-U-N-S ine ndinafupikitsa n'kulemba Ltd, ndipo ndinasiya mawu amodzi apakati amene sitiwatchula polankhula. Pa webusaiti tinali titalemba dzina la app lokha. Adiresinso ndinalemba ya kumene timagwirira ntchito, pamene pa satifiketi pali ina. Kwa ine zonsezi zinali chinthu chimodzi, koma kwa munthu amene akuwerenga ali kutali, anali mabungwe atatu. Pempho linaima ndipo ndinafunsidwa kuti ndikonze. Kukonza zimene zili ku Dun & Bradstreet sikuchitika nthawi yomweyo. Mumatumiza pempho losintha, mumadikira, kenako mumadikiranso kuti kusinthako kufike ku Apple. Kusiyana kwa kalembedwe kumeneku kunanditengera pafupifupi masabata awiri.

Mukafika pamenepa chitani chimene ndinachita kachiwiri. Ndinaika satifiketi ya kampani patsogolo panga, ndinalemba dzina ndi adiresi mu fayilo imodzi ndendende mmene zilili, zilembo zazikulu, madontho ndi mipata yomwe, ndipo kuyambira pamenepo sindinalembenso pamanja paliponse. Ndinkangokopera kuchokera mu fayiloyo kupita ku fomu ya D-U-N-S, ku webusaiti, ku banki ndi ku mafomu a msonkho.

Webusaiti nayonso imafunika, yotseguka kwa aliyense ndipo domain yake, kutanthauza dzina la adiresi yake ya pa intaneti, ikhale yogwirizana ndi kampaniyo. Tsamba la Facebook silokwanira, ngakhalenso tsamba longolembedwa kuti tikubwera posachedwa. Yathu si yapamwamba, ili ndi masamba ochepa ofotokoza kuti ndife ndani, app imachita chiyani, mmene angatipezere ndi mfundo zosungira chinsinsi cha ogwiritsa ntchito. Pansi pa tsamba lililonse tinalembapo dzina lonse la kampani. Ndinatsegulanso imelo ya pa domain yomweyo m'malo mwa ya Gmail imene ndinkagwiritsa ntchito. Nambala ya foni imene mwapereka ikhale yoti imayankhidwa, chifukwa angathe kuimba pofuna kutsimikiza, ndipo amene angayankheyo adziwe za pempholi.

Pempho lenilenilo ndi lalifupi. Ndinalowa mu akaunti yanga pa tsamba la Apple Developer, ndinapita kolumikizirana ndi othandiza, pa nkhani za umembala ndi akaunti, ndipo ndinafotokoza kuti ndikufuna kusintha umembala kuchoka pa munthu payekha kupita pa bungwe. Ndinapereka dzina la kampani, nambala ya D-U-N-S, webusaiti, ndipo ndinatsimikiza kuti ndine mmodzi wa oyambitsa komanso kuti ndili ndi mphamvu zosainira mgwirizano m'malo mwa kampani. Anandipempha mapepala a kampani ndipo ndinatumiza. Asanayambe kusintha anandilembera zimene zichitike, n'kundifunsa ngati ndili wokonzeka.

Musayankhe kuti inde musanayang'ane kalendala. Pa nthawi imene kusinthaku kukuchitika, app imapitiriza kupezeka pa App Store ndipo anthu amapitiriza kuigwiritsa ntchito, koma gawo la masatifiketi lija limatsekedwa kwa kanthawi. Simungapange satifiketi yatsopano kapena kukonza profile. Nditakumbukira za masiku a kuchipatala aja, ndinapempha kuti andidikire sabata imodzi. M'sabata imeneyo tinatulutsa update imene tinkakonza, tinaisiya masiku angapo kuti tione ngati ilibe vuto, ndipo tinafufuza masiku othera a masatifiketi onse. Satifiketi yosainira app imakhala chaka chimodzi, koma ikatha app imene ili kale pa App Store siikhudzidwa. Yoopsa ndi satifiketi ya push notifications, chifukwa imeneyo ikatha mauthenga amasiya kufika pamafoni a anthu. Yathu inali itatsala pang'ono kutha. Tinapezerapo mwayi wosamukira ku kiyi ya APNs, njira ina ya Apple yotumizira mauthenga omwewo, imene ilibe tsiku lothera. Onaninso kuti umembala wanu wa pachaka sukutha m'masiku omwewo. Titamaliza zonsezi m'pamene ndinayankha kuti ayambe.

Patapita masiku angapo ndinalandira uthenga woti ndivomereze mgwirizano watsopano, ulendo uno m'dzina la kampani. Ndinauwerenga pang'onopang'ono kuposa mmene ndinawerengera woyamba uja. Nditavomereza, gawo la masatifiketi linatseguka, Team ID ili yomweyo, app ili pomwepo ndi ndemanga zake zonse. Dzina la wogulitsa pa App Store silinasinthe nthawi yomweyo, linatenga kanthawi kuti lioneke. Tsiku limene ndinatsegula tsamba la app n'kuona dzina la kampani pamene pankakhala langa, mtima unakhala pansi, ngakhale panalinso kachisoni kena. Dzina lija linakhala pamenepo zaka zinayi.

Ntchito siithera pamenepo ngati app yanu imagulitsidwa kapena ili ndi zogula mkati. Zokhudza msonkho ndi banki zinali zidakali za ine monga munthu. Kwa amene sali ku America, munthu payekha amadzaza fomu ya W-8BEN, pamene kampani imadzaza W-8BEN-E, imene ndi yaitali ndipo imafunsa mtundu wa bungwe lanu. Pa fomu imeneyi ndinapempha thandizo kwa munthu wodziwa za msonkho, ndipo ndikukulimbikitsani kuchita chimodzimodzi m'malo mongoyerekeza mayankho. Akaunti ya kubanki ya kampani itsegulenitu musanatumize pempho, chifukwa mabanki nawo amafuna mapepala awo ndipo amatenga nthawi yawo. Ine ndinaitsegula mochedwa, moti kwa kanthawi wogulitsa anali kampani koma kolandirira ndalama kunalibe. Ndinaonanso ngati tikadali mu App Store Small Business Program, imene imatsitsa gawo limene Apple imatenga kuchoka pa 30 kufika pa 15 peresenti kwa amene amapeza zosapitirira madola 1 miliyoni pachaka. Kwa kampani yaing'ono ngati yathu kusiyana kumeneko ndi malipiro a munthu.

Pali pepala lina limene palibe anatifunsa, koma ndimaliona kuti ndi lofunika mofanana ndi enawo. Code ya app ndinayamba kuilemba ndekha kampani isanabadwe, ndipo mnzanga analemba mbali yake popanda mgwirizano uliwonse wolembedwa. Kusintha dzina pa App Store sikutanthauza kuti code yakhala ya kampani. Tinakhala pansi n'kulemba kuti tonse awiri tikupereka ku kampani code, dzina la app, logo ndi domain, ndipo tinasaina. Kukambirana kwake sikunali kophweka, chifukwa kunatikakamiza kutchula zimene tinkazipewa, monga gawo la aliyense ndi chimene chidzachitike wina akadzafuna kuchoka. Tinakambirana tikugwirizana, ndipo ndikuona kuti nthawi yabwino yokambirana zoterezi ndi imeneyo.

Ku Google Play ndinapita pambuyo pake, ndipo kunali kosavuta chifukwa mapepala anali okonzeka. Kumeneko ndalama yolembetsera ndi madola 25 kamodzi kokha. Kuyambira pa 31 Ogasiti 2023, akaunti yatsopano ya bungwe imafunanso nambala ya D-U-N-S, ndipo nambala yomwe ija imagwira ntchito, simufunika ina. Chofunika kudziwa n'chakuti payments profile ya Google, imene imasunga dzina ndi adiresi ya wolipira kapena wolandira ndalama, ikapangidwa ngati ya munthu payekha, mtundu wake susinthika, choncho mumapanga ina ya bungwe, dzina ndi adiresi zikhale zofanana ndi zimene zili ku Dun & Bradstreet. Fayilo yanga yokopera ija inagwiranso ntchito. Kwa amene mukuganiza zotsegula akaunti ya Google lero, maakaunti a munthu payekha otsegulidwa pambuyo pa 13 Novembala 2023 amayenera kuyesetsa app kwa anthu kwa masiku 14 asanaloledwe kuitulutsa. Poyamba ankafuna anthu 20, kenako anatsitsa kufika pa 12. Lamulo limeneli silikhudza maakaunti a mabungwe.

Chomaliza chinali chimene tinayambira ulendo wonsewu. Pa akaunti ya bungwe, Account Holder amakhalabe munthu mmodzi, ndipo ndi yekhayo amene amavomereza migwirizano ndi kulipira umembala. Kusiyana kwake n'kwakuti udindowu ungathe kuperekedwa kwa munthu wina wa m'kampanimo amene ali ndi mphamvu zosainira. Tinalemba m'mapepala athu kuti ndikadzadwala nthawi yaitali kapena kuchoka, udindowo udzapita kwa mnzangayo, ndipo tinagwirizana kuti uthenga wa mgwirizano watsopano ukabwera ndizivomereza tsiku lomwelo osadikira tsiku la update. Ndinamuitana ngati Admin, udindo womulola kupanga masatifiketi ndi kutumiza app, pa imelo yake ya kampani. Amene amatithandiza kuwerengera ndalama ndinamupatsa udindo wa Finance wokha, kuti aziona malipoti popanda kukhudza app. Mnzanga anapanga satifiketi yatsopano yokhala ndi dzina la kampani, anatumiza app yokonzedwa kumene ku TestFlight, malo a Apple oyesera app isanatuluke, pogwiritsa ntchito akaunti yake, ndipo foni yanga sinalire. Madzulo a tsiku limenelo ndinasintha pasiwedi yanga n'kuchotsa kompyuta yake pa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa ku akaunti yanga.